Alendo amene sanakamuke: zomera zachilendo m'mabuku akale a ku India

Amene anakulira ku Chikwawa, ku Salima kapena ku Mangochi sasowa womufotokozera za bwemba. Ukaswa khoko lake lofiirira lija ndi chala, n'kuponya mnofu wake womata mkamwa, malovu amadzadza okha, maso n'kutsinzina. Mtengo wake umaima pabwalo zaka zambirimbiri, mbuzi n'kumausa pansi pake, ndipo palibe amafunsa kuti unachokera kuti. Ndi wathu basi.

Koma tsegulani buku la akatswiri a zomera, mupeza kuti dzina lake ndi Tamarindus indica, ngati kuti kwawo n'ku India. Dzinali analikhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1753, potsata Aluya amene ankautchula kuti tamr hindi, kutanthauza chipatso cha kanjedza cha ku India. Akatswiri ambiri lero amavomereza kuti kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi madera otentha ndi ouma a mu Africa muno. Unaoloka nyanja kalekale, kotero kuti chinenero chakale cha Sanskrit chili ndi mayina angapo a mtengo umodzimodziwu: amlika, chincha, tintidi. Kum'mwera kwa India, msuzi wa sambar ndi wa rasam umene mabanja amadyera mpunga tsiku ndi tsiku umadalira kuwawasa kwa bwemba. Mayi wa ku Tamil Nadu mutamuuza kuti bwemba ndi mlendo kukhitchini kwake, angakuyang'aneni modabwa.

Nkhani ya bwemba ndiyo inandikokera ku funso limene akatswiri a mbiri ndi a zomera ku India akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. M'mabuku akale a Sanskrit muli mayina mazanamazana a zitsamba, mitengo ndi mbewu. Ndi zingati mwa izo zimene zinali zachilendo? Zinafika liti? Ndipo kodi zikugwirizana bwanji ndi mliri wa zomera zolanda malo umene lero wadzadza nkhalango, madambo ndi mitsinje ya dzikolo?

Mabuku a ukachenjede wa mankhwala wotchedwa Ayurveda ndiwo mgodi waukulu pa nkhaniyi. Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, amene maziko ake anaikidwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, amatchula mankhwala azitsamba ochuluka zedi. Pambuyo pake kunabwera mabuku otchedwa nighantu, amene ntchito yake inali kusonkhanitsa mayina onse a chomera chilichonse ndi kufotokoza mphamvu zake. Olemba mabukuwa anali ndi chizolowezi chimene chatithandiza kwambiri ife obwera mochedwa: ankakonda kutchula chinthu ndi dzina la dera limene chinachokera, monga momwe ife timanenera kuti mpunga wa Kilombero.

Tengani hingu, amene Amwenye lero amati hing. Ndi utomoni wonunkha kwambiri umene umachokera ku muzu wa chomera cha m'mapiri ouma a ku Afghanistan ndi Iran. Wophika amangotsina pang'ono, n'kuwaza m'mafuta otentha asanathiremo nyemba. Fungo lake loipa lija limasanduka ngati la adyo ndi anyezi wokazinga. Limodzi mwa mayina ake mu Sanskrit ndi bahlika, kuchokera ku Balkh, mzinda wakale wa kumpoto kwa Afghanistan. Utomoni wina wonunkhira ankautcha turushka, kutanthauza wa Aturuki. Chitsamba china choledzeretsa chinkatchedwa parasika yavani, cha ku Persia. Nanga lavanga, zokometsera zija zooneka ngati timisomali zotchedwa clove, ndi jatiphala amene Azungu amati nutmeg? Ziwirizi zinkamera pa tizilumba ta Maluku tokha, kum'mawa kwa Indonesia, komabe asing'anga a ku India ankazidziwa ndi kuzigwiritsa ntchito kalekale. Mawu akuti ahiphena, dzina la mankhwala ogonetsa a opium, sapezeka m'mabuku oyambirira aja. Amaonekera mochedwa, ndipo akatswiri a zinenero amati anaumbidwa kuchokera ku mawu a Chiluya akuti afyun.

Pa hingu pomwepo pali phunziro limene ofufuza ena amalilumpha. Amwenye adya hing kwa zaka pafupifupi 2,000 osamulima. Ankangomugula kwa amalonda odutsa m'mapiri. Ndi mu 2020 pamene akatswiri a boma a ku Palampur anabzala mbande zoyamba za chomerachi m'chigwa chozizira cha Lahaul ku Himachal Pradesh, pofuna kuchepetsa ndalama zimene dzikolo limawononga poitanitsa kunja. Choncho dzina likapezeka m'buku lakale, sizitanthauza kuti chomeracho chinkamera m'dzikomo. Nthawi zambiri chimene chinafika chinali thumba la utomoni, makungwa ouma kapena njere zokazinga pamsana pa ngamila.

Zina zinafikadi zamoyo, ndipo zambiri mwa izo zinachokera kuno kwathu. Ofukula zakale apeza njere zosonyeza kuti mapira, machewere, mawere ndi khobwe, mbewu zimene zinayamba kulimidwa mu Africa, zinali zitafika ku India zaka zoposa 3,000 zapitazo. Mawere lero ndi chakudya chodalirika ku Karnataka, kumene amawatcha ragi n'kumaphika chinthu chofanana ndi nsima yathu yamawere, choumbidwa ngati mpira. Mu mzinda wakale wa Mandu ku Madhya Pradesh mwaima milambe ikuluikulu pakati pa mabwinja a nyumba zachifumu, ndipo anthu a kumeneko amagulitsa malambe m'mbali mwa msewu. Njira inali yopita ndi kubwera. Mango, chitowe ndi nandolo zinayamba kulimidwa ku India, n'kudzafika kuno. Lero alimi a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amalima nandolo amene gawo lalikulu limakwera sitima kubwerera ku India komweko.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alendo a nthawi imeneyo anabweradi ndi thandizo. Ankayenda pang'onopang'ono, kuchoka m'manja mwa mlimi uyu kupita kwa uyo, ndipo chilichonse chinali ndi mwini wochisamala. Mapira ukawasiya osalimira, udzu umawagonjetsa chaka chomwecho.

Chaka cha 1498 chinasintha zinthu. Vasco da Gama atafika ku Calicut mu May chaka chimenecho, ndipo Apwitikizi atalanda Goa mu 1510, zombo zinayamba kulumikiza India ndi Brazil kudzera ku Lisbon ndi magombe a Africa. Tsabola wowawa uja, chinanazi, papaya, gwafa, mtedza wa cashew ndi fodya zinalowa m'dzikomo m'zaka zosapitirira 150. Buku la Ain-i-Akbari, lofotokoza ufumu wa Akbar cha m'ma 1590, limatchula kale chinanazi pakati pa zipatso za pamsika. Fodya anafalikira msanga moti mfumu Jahangir inamuletsa mu 1617.

Sanskrit nayo sinagone. Akatswiri ake anapitiriza kulemba, ndipo zomera zatsopanozi anazipezera mayina. Papaya anamutcha erandakarkati, kuphatikiza dzina la nsatsi ndi la nkhaka, chifukwa masamba ake amafanana ndi a nsatsi pamene chipatso chimakumbutsa nkhaka. Bhavamishra, amene analemba Bhavaprakasha m'zaka za m'ma 1500, anafotokoza matenda atsopano a chindoko n'kuwatcha phiranga, matenda a Azungu, ndipo mwa mankhwala ake anatchula muzu wochokera ku China wotchedwa chopachini. Kawirikawiri, komabe, dzina latsopano silinkapangidwa. Ankangotenga dzina lakale n'kuliveka mlendo. Maricha linali dzina la tsabola wakuda, amene kwawo ndi mapiri a kumadzulo kwa India. Lero mirch ndi tsabola wofiira wochokera ku America. Aluka linali dzina la mizu yodyedwa ya mtundu wa zilazi. Lero alu ndi mbatatesi.

Apa ndi pamene msampha wagona. Munthu amatsegula buku la zaka 2,000, n'kupeza dzina limene lero likutanthauza chomera cha ku Mexico, n'kulengeza kuti makolo ake ankachidziwa Columbus asanabadwe. Chitsanzo chodziwika ndi svarnakshiri, dzina lotanthauza mkaka wagolide. Lero asing'anga ambiri a Ayurveda amapereka dzinali kwa Argemone mexicana, kachitsamba kaminga ka maluwa achikasu kamene ukakathyola kamatulutsa madzi achikasu, kamene kamamera m'mabwinja ndi m'minda yokololedwa, ngakhale kuno kwathu. Koma ofufuza amene anayerekeza bwino zimene mabuku oyambirira amanena amati svarnakshiri woyamba anali chomera china cha m'mapiri a Himalaya. Chija chitasowa kapena kukwera mtengo, mlendo wa madzi achikasu analowa m'malo n'kutenga dzina. Mlendoyu si wamasewera. Njere zake zimafanana ndi za mpiru, ndipo mafuta ake akasakanikirana ndi mafuta ophikira a mpiru amatupitsa miyendo ndi kufooketsa mtima. Mu 1998 ku Delhi anthu pafupifupi 3,000 anadwala chifukwa cha zimenezi, ndipo oposa 60 anamwalira.

Vuto lina ndi lakuti mabuku amenewa sanalembedwe tsiku limodzi. Ankakopedwa pamanja pa masamba a kanjedza amene chiswe ndi chinyezi zinkawononga, ndipo wokopa aliyense ankatha kuwonjezera zimene ankadziwa. Charaka Samhita yeniyeniyo inamalizidwa ndi munthu wina, Dridhabala, patapita zaka mazana angapo. P. K. Gode, katswiri wa ku Bhandarkar Oriental Research Institute ku Pune, anatha moyo wake akulondola zinthu zotere, ndipo ankagwiritsa ntchito nzeruyi mobwerera: buku likatchula fodya, ndiye kuti silingakhale lakale kuposa kufika kwa Apwitikizi, ngakhale eni ake atanena zotani.

Mikangano ina sinathe mpaka pano. Pa makoma a kachisi wa ku Somnathpur pafupi ndi Mysore, womangidwa m'zaka za m'ma 1200 ndi mafumu a Hoysala, pali zosema za anthu atanyamula chinthu chokhala ndi mizere ya njere. Mu 1989 Carl Johannessen ndi Anne Parker analemba kuti chimenechi ndi chimanga, mbewu imene kwawo n'ku America. Akatswiri a chimanga a ku India komweko, Payak ndi Sachan, anatsutsa mwamphamvu, ndipo ofufuza ambiri ali kumbali yawo, chifukwa chimanga chikadalimidwa kumeneko nthawi imeneyo, zitsononkho zopserera zikadapezeka pofukula monga momwe mawere ndi mapira zimapezekera. Nkhani yovuta kwambiri ndi ya dhattura, chitsamba chakupha cha maluwa oyera ooneka ngati lipenga, chimene Ahindu amapereka kwa mulungu wawo Shiva. Abale ake onse a chomerachi kwawo n'ku America, komabe mu 2007 R. Geeta ndi Waleed Gharaibeh anasonkhanitsa umboni wa m'mabuku a Sanskrit, Chitamil ndi Chiluya wosonyeza kuti chinali ku Asia zaka mazana ambiri chisanafike chaka cha 1492, pamene Columbus anafika ku America. Ine ndimaona kuti apa pali umboni woyenera kuulemekeza. Koma chomera chimodzi chodabwitsa sichingakhale chiphaso choti zonse zachilendo tizizitcha zamakolo.

Ndikuumirira pa mfundoyi chifukwa ili ndi zotsatira zake kumunda ndi kunkhalango. Munthu akakhulupirira kuti chomera chilichonse chachilendo chakhala chilipo kuyambira kale, sadzaona chifukwa cholimbana ndi chimene chikumeza dambo lake lero. Ndipo zimene zikumeza India lero pafupifupi zonse ndi za posachedwa, mbiri yake ikudziwika, ndipo ena mwa amene anazibweretsa anasiya makalata.

Mu 1787 kampani ya East India Company inatsegula munda wa zomera ku Calcutta, motsogozedwa ndi Robert Kyd. Minda yotere inali ngati madoko a zomera: mbande zochokera ku America, Australia ndi Africa zinkafikira pamenepo, kuyesedwa, n'kugawidwa m'dziko lonse. M'zaka zoyambirira za m'ma 1800 munafika lantana, chitsamba cha ku America chimene Azungu ankachikonda chifukwa cha maluwa. Mukachiyang'anitsitsa mungamvetse chifukwa chake. Duwa lililonse ndi kamulu ka timaluwa ting'onoting'ono, tina tachikasu, tina tapinki, tina tofiirira, pa phesi limodzi. Tsamba lake ndi lokhakhala, ukalifikisa limanunkha mwamphamvu. Tizipatso take tikapsa timada, mbalame n'kumadya, n'kukataya njere kutali. Ukachidula chimaphuka ndi nthambi zambiri kuposa kale. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimawonongeka. Anachibzala ngati mpanda wa nyumba ndi wa minda ya khofi, ndipo chinadumpha mpandawo. Kafukufuku wa Wildlife Institute of India wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti lantana walowa m'magawo oposa 40 pa 100 aliwonse a nkhalango zimene mumakhala tiger, chilombo chamizeremizere chija. Pansi pa ziyangoyango zake udzu sumera, ndiye agwape ndi njovu zimasowa msipu.

Anthu a mtundu wa Soliga, okhala m'mapiri a Biligirirangan ku Karnataka, ali ndi kafotokozedwe kawo, ndipo ndikuona kuti n'komveka kwa aliyense amene anakulira kumudzi. Makolo awo ankatentha masamba ouma a pansi pa mitengo chaka ndi chaka, moto wozizira umene amautcha taragu benki, usanafike mwezi wotentha kwambiri. Derali litasandutsidwa malo otetezedwa m'zaka za m'ma 1970, kutentha kuja kunaletsedwa. Asoliga amati kuyambira pamenepo lantana anapeza mpata. Tsopano moto ukabuka umakwera pa ziyangoyango zija n'kufika kunsonga za mitengo, n'kupha zimene moto wakale unkazisiya. Mlendo anapeza pakhomo palibe mwini.

Ku Bengal mlendo wake timamudziwa bwino. Ndi namasupuni, yemwe uja amadzadza mu Shire n'kumavutitsa makina opangira magetsi ku Nkula. Kwawo n'ku mtsinje wa Amazon. Anafika ku Bengal chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 chifukwa cha duwa lake lokongola, ndipo anapeza mitsinje itatsekedwatsekedwa ndi mitumbira ya njanji ndi misewu, madzi asakuyenda monga kale. Anatseka njira za mabwato, kulowa m'minda ya mpunga, mpaka boma linakhazikitsa lamulo lapadera lolimbana naye mu 1936. Abengali amamutcha kochuripana, ndipo akadalipo.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mitengo iwiri yapachibale. Woyamba ndi shami, umene ku Rajasthan amautcha khejri. Umatchulidwa m'mabuku a Veda, ndipo m'nthano yakale ya Mahabharata ndi mumtengo umenewu mmene abale asanu otchedwa a Pandava anabisa zida zawo. M'chipululu cha Thar masamba ake amadyetsa ngamila ndi mbuzi, nyemba zake anthu amaphika ndiwo, ndipo mbewu zimakula bwino pansi pake monga zimachitira pansi pa msangu. Mu 1730, pamudzi wa Khejarli pafupi ndi Jodhpur, anthu 363 a chipembedzo cha Bishnoi, motsogozedwa ndi mayi Amrita Devi, anaphedwa atakumbatira mitengoyi kuti antchito a mfumu asaidule. Wachiwiri ndi msuweni wake wa ku America, Prosopis juliflora, amene atsamunda anamubweretsa m'zaka za m'ma 1870 kuti apereke nkhuni ndi kubiriwiritsa malo ouma. Cha m'ma 1960 boma la Gujarat linamubzala m'dambo lalikulu la Banni ku Kutch pofuna kuletsa mchere kulowa m'nthaka. Lero wadzadza gawo lalikulu la dambolo, limene linali msipu wotchuka wa abusa a Maldhari. Iwo amamutcha gando baval, mtengo wamisala. Ku Delhi amati vilayati kikar, ku Tamil Nadu seemai karuvelam, ndipo mayina onse awiriwa akutanthauza mtengo waminga wakunja. Chizolowezi chija cha olemba nighantu, chotchula chinthu ndi kumene chinachokera, chikadali m'kamwa mwa anthu wamba.

Komabe mtengo wamisalawu suli wopanda abwenzi. Mabanja osauka ambiri ku Kutch ndi ku Tamil Nadu amadalira makala ake, ndipo kwa mayi amene ankayenda mtunda wautali kukatola nkhuni, mtengowu unabwera ngati chipulumutso. Woweruza akalamula kuti uzulidwe, monga linachitira khothi lalikulu la Madras, wootcha makala amafunsa kuti mawa adya chiyani. Funso limeneli ndi loona, ndipo amene amalemba za chilengedwe ali mumzinda ayenera kuliyankha asanatukwane mtengo.

Womaliza kufika mwa akuluakuluwa sanaitanidwe n'komwe. Parthenium, udzu wa timaluwa toyera, unaonekera ku Pune m'zaka za m'ma 1950, ndipo ambiri amakhulupirira kuti njere zake zinabwera m'matumba a tirigu wochokera ku America. Umayabwitsa khungu, umayambitsa mphumu, umawawitsa mkaka wa ng'ombe. Akatswiri anakatenga kachikumbu ku Mexico kotchedwa Zygogramma bicolorata n'kukamasula ku Bangalore m'zaka za m'ma 1980 kuti kazidya masamba ake. Nzeru yotumiza mdani wa kwawo kwa chomera inayambira ku India komweko, mwangozi. Mu 1795 kunabwera tizilombo ta cochineal kuchokera ku Brazil, ndi cholinga chopanga utoto wofiira. Utoto wake sunali wabwino, koma tizilomboto tinafafaniza mtundu wina wa cactus wa ku America umene unali utadzadza m'madera ambiri.

Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lantana watha zaka zoposa 200 ku India, ndipo palibe katswiri amene akulonjeza kuti adzatha. Kuzula kumathandiza pa malo ochepa, ngati mwadula pansi pa mutu wa muzu n'kubzalapo udzu wa komweko msanga. Mukachedwa, njere zimene zili m'nthaka zimamera mvula yoyamba. N'chifukwa chake ena asankha kuti chitsambachi chilipire kako. Asoliga, mothandizidwa ndi bungwe la ATREE la ku Bangalore, anaphunzira kuphika ndodo za lantana m'madzi otentha, kuzisenda, n'kuzipinda kupanga mipando ndi matebulo, monga momwe amisiri athu amachitira ndi nsungwi ndi mlaza. Kumapiri a Nilgiri, amisiri a mitundu ya komweko amaluka njovu zazikulu ngati zenizeni ndi ndodo zomwezo, njovu iliyonse kutengera maonekedwe a njovu yamoyo imene amaidziwa m'dera lawo. Mu 2021 njovu zotere pafupifupi 100 zinaimikidwa m'mapaki a ku London, ndipo ndalama zake zinapita ku ntchito yoteteza njovu zenizeni.

Ku Mandu milambe ija ikadali chiimire pakati pa mabwinja. Anthu a mtundu wa Bhil amatola malambe, kuwayala pamphasa m'mbali mwa msewu, n'kumagulitsa kwa odzaona malo. Dzina limene amawatcha ndi Mandu ki imli, bwemba wa ku Mandu: chipatso cha mu Africa chobwereka dzina kwa mnzake wa mu Africa amene anafika poyamba.